Ababa ankagulitsa makala, ine ndinakaphunzira kuwakwirira m'munda

Fungo ndi limene linatsala pang'ono kundiulula. Unali m'mawa wa Lachitatu, m'chaka changa chachitatu ku koleji ya zaulimi. Aphunzitsi athu a phunziro la nthaka anati tisakhale m'kalasi, tiwatsatire kuseri kwa labu. Titangokhota pakona, utsi unandiwomba kumaso. Ndinaudziwa nthawi yomweyo. Unali utsi uja wowawasa, womata pakhosi, umene sunkachoka m'malaya a ababa ngakhale amayi awachape kawiri.

"Lero tiotcha makala," anatero aphunzitsi.

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Mnyamata wina anakuwa chakumbuyo kuti, "Madamu, fizi yonse ija kuti tidzakhale amakala?" Inenso ndinaseka nawo, mwinanso mokweza kuposa onse. Mwa anzanga aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa kuti fizi yanga ya ku sekondale inachokera m'matumba a makala. Akandifunsa za kwathu ndinkangoti, "Ababa ndi mlimi, amachitanso timabizinesi." Silinali bodza lenileni, koma inunso mukudziwa mmene timazembera nkhani za kwathu tikafika m'tauni.

Mabwalo akuda

Kwathu ndi ku Neno, chakumunsi, mbali ya ku Lisungwi. Ngati munayendapo pa msewu wa Zalewa, munawaona amuna okankha njinga zosanjikiza matumba a makala, thukuta lili kamukamu. Ababa anali mmodzi wa iwo.

Ntchito yawo ndinkaidziwa bwino. Ankadula tsanya, n'kusanja zipika mothithikana, kufunditsa udzu, kenako kukwirira ndi dothi mpaka mulu wonse utatsekeka. Moto ankayatsira mbali imodzi. Kuyambira pamenepo tulo ankaiwala. Uvuni ukabooka usiku, mpweya n'kulowa, m'mawa umapeza phulusa lokhalokha, ntchito ya milungu iwiri yapita. Choncho ankagona pafupi, khasu lili pambali, maso ali pa utsi.

Akaphula makala, pamalopo pankatsala bwalo lakuda lodzaza tizinyenyeswa tosagulitsika. Mabwalo amene anali pafupi ndi munda, amayi ankawathamangira mvula ikangogwa. Ankabzalapo maungu, mpiru ndi mapando angapo a chimanga. Chimanga cha pamenepo chinkabiriwira mpaka kuoneka ngati chakuda, pamene cha m'munda monse chinali chotuwa, kaufiti ali mbuu. Ndikawafunsa chifukwa chake ankangoti, "Pamakala sipanamiza munthu." Kufotokoza kwake kunkathera pomwepo.

Koma mtengo wa makala aja tinaulipira tonse. Phiri limene ndili mwana tinkatolako bowa linasanduka dazi. Madzi a mvula anayamba kutsika ndi ukali, n'kung'amba zigwembe pakati pa minda. Ku koleji ndinadzawerenga kuti kafukufuku anapeza kuti mu 2014 dziko lathu linkataya matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka. Nambalayo sinandidabwitse, dothilo ndinali nditaliona ndi maso likupita ku mtsinje. Mu 2020 lamulo la zankhalango linasinthidwa, zilango za makala osaloledwa zinakula. Mitengo nayo inali itatalikira, chifuwa cha ababa chikulira ngati kaliwo usiku. Tsiku lina anabwera wapansi, njinga ndi makala atalandidwa panjira. Kuchokera pamenepo sanayatsenso uvuni, ndipo nkhani ya makala pakhomo pathu inakhala ngati ya maliro: aliyense akuidziwa, palibe woiyamba.

Kuseri kwa labu

Malo amene aphunzitsi anatipititsa sanali ochititsa kaso. Chinali chishedi cha malata chopanda zipupa. Mkati munali mgolo wa malita 200 wokhala ndi kamgolo kena mkati mwake ndi chumuni pamwamba, chibeseni chachikulu chachitsulo chosongoka kunsi, ndi dzenje lokumbidwa mofanana ndi chibesenicho. Pambali panali milu yolembedwa mayina: zitsononkho, mankhusu a mpunga, makoko a mtedza, mitengo ya nandolo, utuchi. Chipika cha mtengo ndi chimodzi chomwe munalibe.

Kumeneko n'kumene ndinamva koyamba mawu oti biochar. Ndi makala ndithu, koma opangira nthaka, osati mbaula. Zotsalira za mbewu zikatenthedwa kwambiri, madigiri 400 mpaka 700, pamalo pamene mpweya ukulowa wochepa, sizipsa n'kukhala phulusa. Poyamba madzi amatuluka, kenako mafuta ndi mipweya yoyaka, n'kutsala chigoba cha kaboni. Mu uvuni wa ababa mipweya imeneyo inkatuluka ngati utsi, ndipo ina inkathera m'chifuwa mwawo. M'ziwiya za ku kolejizi mipweyayo imayaka n'kukhala malawi, ndiye utsi umakhala wochepa kwambiri.

Aphunzitsi anationetsa chithunzi cha kachidutswa ka khala kokulitsidwa ndi makina. Kanali ngati chisa cha njuchi, timabowo tokhatokha, timene tinali njira za madzi mbewuyo ili moyo. Ntchito yonse ya makala m'nthaka yagona pa timabowo timeneti. Timasunga madzi monga chimachitira chinkhupule. M'mbali mwa timabowoto mumakakamira chakudya cha mbewu chimene mu mchenga chikanatsika ndi mvula kupitirira mizu. Tizilombo tabwino ta m'nthaka, tosaoneka ndi maso, timapezamo pokhala. Chinanso, makala ambiri amachepetsa asidi wa m'dothi.

Nkhani ya asidiyi ndi yaikulu kuposa mmene ndinkaganizira. Amayeza ndi nambala yotchedwa pH. Pa 7 ndiye pakatikati. Ikatsika kupitirira 5.5, mizu ya chimanga imavutika, ndipo gawo lina la feteleza wokulitsa limamangika m'dothi, mbewu osalipeza. Feteleza wobereketsa ngati yureya, ukamamuthira chaka ndi chaka popanda manyowa, amawonjezera asidiyo pang'onopang'ono. Ndiye munthu umagula thumba lodula, theka la mphamvu yake n'kutayika, iwe n'kumati feteleza wa masiku ano ndi wabodza.

Ndipo makala saola msanga. Manyowa amatha pakapita nyengo zingapo, koma makala otenthedwa bwino amakhala m'nthaka zaka mazana.

Mkati mwa labu munali zida zoyezera zonsezi: sikelo yomva ngakhale kulemera kwa njere ya therere, kang'anjo ka magetsi kotenthera pa madigiri amene wasankha, ndi kachida ka pH. Kunja kunali nyumba ya maukonde yodzaza miphika ya pulasitiki, uliwonse ndi dothi lake ndi muyeso wake wa makala, komanso timinda toyesera tokhomedwa zikhomo. Ndinaimirira pakati pa miphika ija ndikuganiza za maungu a amayi. Zimene iwo ankangoti "sipanamiza munthu", pano anthu ankazilemba m'makope ndi manambala.

Amayi sanali okha

Usiku umenewo ndinathera bandulo yanga yonse ndikuwerenga pa foni. Ndinapeza kuti m'nkhalango ya Amazon ku Brazil, kumene dothi lambiri ndi losauka, muli malo ena a dothi lakuda bii, lachonde, lotchedwa terra preta. Katswiri wa nthaka wa ku Netherlands, Wim Sombroek, analemba za dothili mu 1966. Linapangidwa ndi anthu okhala kumeneko zaka mazanamazana zapitazo, ndipo mkati mwake mumapezeka makala, mafupa, mapale a miphika ndi zotsalira za pakhomo. Kunena mwachidule, ndi dzala lakalekale. Ku Liberia ndi ku Ghana akatswiri anapezanso dothi lakuda lotere mozungulira midzi. Aliyense amene anakulira kumudzi akudziwa kuti dzungu la padzala silifuna feteleza.

Ndinapezanso kuti mayunivesite ena anaika ndalama zambiri pa makala amenewa. Ku University of Edinburgh ku Scotland kuli UK Biochar Research Centre, kumene ali ndi makina otenthera zinthu pa kutentha koyezedwa bwino. Amapanga makala a muyeso umodzi kuchokera ku zinthu ngati mapesi a tirigu ndi mankhusu a mpunga, ena pa madigiri 550, ena pa 700, kuti akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana akamayesa, aziyesa chinthu chofanana. Ku Cornell University ku America kuli Johannes Lehmann, amene wathera zaka zambiri pa nkhaniyi, kuphatikizapo kafukufuku wa m'minda ya chimanga kumadzulo kwa Kenya. Chibeseni chosongoka chija chimatchedwa Kon-Tiki, ndipo chinapangidwa ndi a Ithaka Institute ku Switzerland mu 2014. Ubwino wake ndi woti wopanda chitsulo atha kungokumba dzenje la maonekedwe omwewo.

Koma chimene chinandidzutsa pabedi ndi cha kwa aneba athu. Akatswiri a ku Norwegian Geotechnical Institute pamodzi ndi a University of Zambia anayesa makala a zitsononkho ndi a mitengo m'malo asanu a ku Zambia, zotsatira zake n'kutuluka mu 2013. Ankathira matani 4 pa hekitala, m'maenje obzalamo chimanga. Ku Kaoma, kumadzulo kwa dzikolo, kumene dothi ndi mchenga woyera wa asidi, zokolola zinachuluka katatu mpaka kanayi.

Katatu mpaka kanayi! Ndinasiyira pomwepo kuwerenga. Ndikanapitiriza mizere iwiri yokha, ndikanaona kuti pa munda wa pafupi ndi Lusaka kusintha kunali kochepa, ndipo m'malo atatu otsalawo, a dothi lomata, sipanaoneke kusiyana kwenikweni. Ndikanaonanso kuti minda yonseyo, ya makala ndi yopanda makala, inathiridwa feteleza. Koma mtima unali utathamanga kale kupita ku Lisungwi.

Mizere khumi

Ndinafika kumudzi mu Okutobala 2023 ngati mlangizi wamkulu. Munda ndi wa amayi, ababa ndi mkamwini, choncho pempho linapita kwa eni ake.

"Amayi, ndipatseni zitsononkho zonse ndi mizere khumi ya kumtunda. Chaka chino muona."

"Zitsononkho? Nanga ndiphikira chiyani? Chidulo cha therere ndichitenga kuti?"

Funso limenelo ku koleji sitinalifunse. Pa shedi paja zitsononkho zinkatchedwa zotsalira. Pakhomo pa amayi palibe chotsalira. Zitsononkho ndi nkhuni, mapesi ndi chakudya cha mbuzi, mitengo ya nandolo ndiyo imaphika nsima mpaka Disembala. Komabe mwana wa ku koleji akalankhula, makolo amaopa kuoneka otsalira. Anandipatsa.

Ndinakumba dzenje langa kuseri kwa khola, ndinakhuthuliramo zitsononkho zonse kamodzi, n'kuyatsa. Utsi unadzaza mudzi wonse. Ababa anakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka mphasa, osanena kanthu. Kamodzi kokha anadzutsa mutu, kuyang'ana utsiwo, n'kupukusa mutu pang'ono. Ine sindinawafunse. Zimene ndinkachitazo ndinkaziona ngati sayansi, osati zamakala zawo zija. Nditazimitsa ndi madzi, pamwamba panali phulusa, pansi zitsononkho zosapsa, makala enieni pakati pokha.

Ndinawasinja mu mtondo, ndinawathira m'mizere khumi ija ali okhaokha, ndipo ndinanena mawu amene mpaka lero amandiwawa: "M'mizere iyi musathiremo feteleza. Sipafunika."

Mwezi wotsatira kwacha inagwa ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu n'kuuluka. Amayi anakwanitsa feteleza wochepa, ndipo anasangalala kuti mizere khumi yadzichotsa yokha pa mndandanda. Kumayambiriro kwa Januwale mlongo wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp popanda mawu alionse. Chimanga cha amayi chinali chobiriwira. Changa chinali chachikasu, chopinimbira, ngati chabzalidwa mochedwa ndi milungu itatu.

Kenako mvula inadula. Chinali chaka cha El Niño, ndipo ng'amba inagwira chimanga chikumasula. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Munda wonse wa amayi unatulutsa matumba osakwana atatu. M'mizere yanga simunatuluke ngakhale chootcha. M'chaka cha njala, mizere khumi si masewera. Palibe amene anandikalipira, ndipo zimenezo n'zimene zinandipweteka kwambiri.

Nkhokwe yopanda kanthu

Nditabwerera ku koleji ndinapita kwa bambo wina wachikulire amene amayang'anira labu. Ndinali nditanyamula dothi m'timapepala ta shuga, lina la kumtunda, lina la kudimba. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekeza kuti anena kuti vuto linali mvula.

"Achemwali, makalawo munawadyetsa?"

"Kuwadyetsa bwanji?"

"Mwamanga nkhokwe yatsopano, yokongola. Mwaikamo chiyani? Kapena mumafuna ana adye nsungwi?"

Anandikhazika pansi. Makala si feteleza. Nayitrojeni, amene amabiriwitsa chimanga, ambiri amathawa pa kutentha paja. Makala ongophulidwa kumene amalowa m'nthaka timabowo tawo tili pululu, ndiye amayamba kukoka kachakudya kochepa kamene kali m'dothi. Tizilombo ta m'nthaka natonso, pofuna kugaya zosapsa bwino zija, timabwereka nayitrojeni yemweyo. Mbewu imatsala ndi njala. Mankhwala ake ndi osavuta: makala asanapite kumunda azisakanizidwa ndi manyowa, ndowe kapena mkodzo wa ziweto, n'kukhala milungu ingapo, kuti akalowe m'nthaka atakhuta.

Anandifunsanso kuti, "Nanga poyerekezera munasiya pati?" Ndinalibe yankho. Mizere yanga inasiyana ndi ya amayi pa zinthu ziwiri nthawi imodzi, makala ndi feteleza, ndiye panalibe chimene ndikanaphunzirapo.

Dothi lija tinaliyeza limodzi. La kumtunda linali la mchenga wambiri, la asidi. La kudimba linali lakuda, lomata, lopanda vuto la asidi. "Kudimbaku musavutike nako, makala sakawonjezerako zambiri. Kumtundaku ndiye kwawo," anatero. Kenako ananditumiza kuti ndikamalize kuwerenga za ku Zambia zija mpaka kumapeto. Anandionetsanso kafukufuku wa mu 2017 amene anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko ambiri. M'mayiko otentha ngati kwathu kuno, makala anakweza zokolola ndi pafupifupi 25 peresenti tikaphatikiza zonse. M'mayiko ozizira, a nthaka yachonde kale, sanasinthe kanthu.

Tsiku limenelo ndinamvetsa ntchito ya shedi ija ndi labu yake. Kuotcha makala anthu amadziwa kale. Chimene maso paokha sangakuuze ndi chakuti dothi liti likuwafuna, ochuluka bwanji, osakaniza ndi chiyani, ndipo ndi pati pamene ungangotaya mphamvu zako. Makala a mankhusu a mpunga ndi a mitengo ya nandolo safanana. Otenthedwa pang'ono ndi otenthedwa kwambiri safanana. Popanda woyeza, mlimi amayesera pa chakudya cha ana ake, monga ndinachitira ine.

Ababa anaimirira

Pa holide yotsatira ndinapepesa. Amayi anangoti, "Zinapita." Atakhala chete pang'ono anawonjezera kuti, "Koma pa ng'amba paja, ndikapisa chala m'mizere yako, chinyezi chinkachedwa kutha kusiyana ndi kwanga." Ananena ngati sakufuna, koma ananena.

Madzulo ndinapita pansi pa mango paja.

"Ababa, dzenje langa lija linalakwika pati?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Inali nthawi yoyamba m'moyo wanga kuwafunsa za makala.

"Unathira zonse kamodzi, zina zili zonyowa. Utsi woyera wambiri uja ndi madzi. Ukamachita chikasu, ndiye kuti mtengo ukutulutsa mafuta ake. Ukapyapyala n'kumaoneka ngati wabuluu, makala apsa, tseka msanga. Iwe unkayang'ana foni, moto ukukuuza."

Ndinawaonetsa kavidiyo ka mmene dzenje la Kon-Tiki limagwirira ntchito. Umayatsa moto waung'ono pansi, n'kumawonjezera zouma pang'onopang'ono, mosanjikiza. Pamwamba pakangoyamba kuyera phulusa, umaikapo zina. Malawi a pamwamba amadya mpweya wonse, ndiye za pansi zimasanduka makala osapserera. Pomaliza umazimitsa ndi madzi kapena kukwirira ndi dothi. Anaonera kawiri, n'kunena kuti, "Ndiye kuti motowo ndi umene ukugwira ntchito ya dothi lofunditsa lija. Anzeru anthu amenewa. Bweretsa khasu."

Chaka chimenecho zitsononkho kunalibe, chimanga chake chiti? Koma nandolo, ndi mizu yake yozama, anapirira. Tinagwirizana ndi amayi kuti atipatse gawo limodzi mwa magawo atatu a mitengo yake, ife tiwapezere nkhuni zina za nthambi zouma. Tinatolanso makoko a mtedza kwa azakhali. Zitaoneka kuti sizikwana, ababa anatenga thumba m'mawa wina n'kukwera phiri lija okha. Anabwera masana atasenza tizinyenyeswa ta m'mabwalo awo akale. Patapita zaka zonsezo, tinali tikadali pomwepo, takuda, tosaola.

Pa dzenje, ine ndinali wopatsira, iwo woyang'anira moto. Utsi unali wochepa moti aneba sanadziwe n'komwe kuti tikuotcha kanthu. Makalawo tinawaphwanya, n'kuwamwaza pansi m'khola la mbuzi kuti amwe mkodzo ndi kusakanikirana ndi ndowe kwa mwezi wathunthu. Amayi anayamba okha kuona kuti fungo la m'khola lachepa.

Kumtunda tinayeza timinda titatu, kalikonse mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi. Koyamba feteleza yekha, wochepa monga mwa nthawi zonse. Kachiwiri feteleza yemweyo ndi manyowa a mbuzi. Kachitatu feteleza yemweyo, manyowa omwewo, ndi makala. Bambo a ku labu aja ndi amene anaumirira kachiwiriko, kuti tisadzayamikire makala pa ntchito imene agwira ndi manyowa. Mbewu imodzi, tsiku lobzala limodzi, kupalira tsiku limodzi. Ababa anakhoma zikhomo, n'kuuza aliyense pakhomo kuti wothyola chimanga chachiwisi m'timindato adzaona.

Pokolola mu 2025 tinatonola kamunda kalikonse pakokha n'kuyeza ndi ndowa imodzi. Ka feteleza yekha kanatsalira. Ka manyowa kanaposa. Ka makala kanaposa ka manyowa ndi pafupifupi theka la ndowa. Sizinali katatu kapena kanayi ngati ku Kaoma. Linali theka la ndowa basi, la chaka chimodzi, pa munda umodzi. Amayi analiyang'ana n'kunena kuti, "Limenelo ndi phala la mwana la masiku angapo." Kwa iwo kumeneko ndi kuyamikira kwakukulu.

Masamu ake

Musanathamangire kumudzi ngati ine, tiyeni tiwerengere. Matani 4 pa hekitala ndi makilogalamu 40 pa kamunda ka mamita 10 kwa 10, kapena makilogalamu pafupifupi 1,600 pa ekala. Kuti upeze kilogalamu imodzi ya makala umafunika makilogalamu anayi kapena asanu a zouma. Ekala imodzi ikufuna matani oposa 6 a zotsalira. Palibe banja la kumudzi limene lingapeze zimenezo chaka chimodzi.

Chotonthoza n'chakuti makala sabwerezedwa chaka ndi chaka ngati feteleza. Ukathira kamunda kamodzi chaka chino, chaka chamawa umapita pa kena. Uwaike pamene mizu ikafike, m'phando kapena m'dzenje lobzalamo, osati kumwaza munda wonse. Uyambire pamene pali mchenga, pamene chimanga chimayamba kufota dzuwa likawala masiku atatu. Palinso mbaula zina zimene zimaphika ndi zitsononkho n'kusiya makala pansi m'malo mwa phulusa, ndipo kwa amayi ngati anga imeneyo ndiyo njira yosawalanda nkhuni. Ngakhale makala a pamoto otsala mukaphula nsima, mutawazimitsa n'kumawaponya m'khola, pakutha pa chaka ndi thumba.

Mantha anga ndi amodzi. Wina akamva kuti makala amakonza nthaka, atha kunola nkhwangwa. Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu anafunsadi ababa ngati a tsanya sangagwire bwino ntchito kuposa a nandolo. Ndinali pomwepo. Ababa analoza phiri lija ndi chibwano. "Ukuliona? Ndinalimeta ndine ndi anzanga. Dothi limene tikulipakira mankhwala lero linadwala chifukwa cha ife. Mtengo wamoyo usaukhudze."

Pano ndinamaliza maphunziro, ndipo ndimathandizira ku labu komwe kuja. Ophunzira atsopano akabwera pa shedi, nthabwala ya amakala siilephera. Ndimawasiya aseke, kenako ndimawaphunzitsa kuwerenga utsi: woyera, wachikasu, wabuluu. Wina akafunsa kuti zimenezi zili m'buku liti, ndimamuuza kuti anandiphunzitsa ababa anga, amene anaotcha makala zaka zambiri ku Neno n'kundilipirira nawo sukulu. Ulendo woyamba mawu ananjenjemera. Pano amatuluka bwinobwino.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mtunda umene ulipo pakati pa labu ndi munda. Kuyeza asidi wa dothi ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma m'mudzi mwathu munda woyamba kuyezedwa unali wa amayi, ndipo zinatheka chifukwa choti mwana wawo anapezeka pafupi ndi kachida kake. Ife amene tili ndi mafoni, amene timapita m'tauni ndi kubwerera, mwina ndife mlatho wake. Ngati kwanu kuli mlangizi, kapena muli ndi mnzanu ku sukulu ya zaulimi, funsani kumene mungayezetse dothi la makolo anu musanawauze chochita nalo.

Sabata yatha kondakitala wa minibasi anandiimbira kuti ndikalandire katundu ku depoti. Linali jumbo lakuda, lolemera. Mkati munali timapepala ta shuga tinayi todzaza dothi, kalikonse komangidwa ndi luzi, ndi kakalata ka dzanja la mlongo wanga koma mawu a ababa: "Ili ndi la azakhali ako kumtunda, ili la kuseri kwa tchalitchi, awiriwa ndi a aneba. Ukayeze bwinobwino. Usatiuze zongoganiza ngati chaka chija."